Mpheta yakodwa mu msampha? Yang'anani pachifuwa kaye

Achemwali, mwafunsa momwe mungasiyanitsire house sparrow, mpheta imene ikulanda kabokosi koikiramo mazira ka ma bluebird (mbalame zabuluu) kuseri kwa nyumba yanu ku Indiana, ndi mpheta zinzake zomwenso zikukodwa mu msampha. Mwachita bwino kufunsa musanaphe ngakhale imodzi. Lamulo la Migratory Bird Treaty Act la 1918 limateteza mpheta za konkuno ku America. House sparrow siili m'gululo chifukwa ndi yobwera, anaitulutsa ku Brooklyn m'zaka za m'ma 1850 kuchokera ku England. Onaninso malamulo a state yanu.

Yaimuna siivuta. Paliwombo ndi potuwa, pankhongo pofiirira, masaya oyererapo, ndipo pakhosi mpaka pachifuwa pali chigamba chakuda. M'nyengo yozizira chigambacho chimazilala, choncho musadabwe chikaoneka chaching'ono.

Yaikazi ndiyo imaphetsa mbalame zosalakwa. Igwireni muitembenuze. Chifuwa chake ndi chotuwa mbuu, chopanda kamzere ngakhale kamodzi. Mizere ili kumsana kokha. Kuchokera pa diso kumka kumbuyo kuli kamzere kotumbuluka, ndipo mlomo ndi wonenepa, wachikasu pang'ono. Mukaona mizere pachifuwa, tsegulani dzanja izipita. Song sparrow ili ndi mizere yokumana pakati n'kupanga dontho lakuda, mchira wake ndi wautali. House finch yaikazi, imene anthu amaisokoneza kwambiri, ili ndi mizere kunsi konse mpaka m'nthiti, ndipo kumaso kulibe kamzere kaja.

Chifuwa chopanda mizere pachokha sichikwanira. Chipping sparrow nayonso ilibe, koma ndi yaing'ono, mlomo wake ndi wowonda, ndipo kamzere kakuda kamadutsa pa diso penipeni. White-throated sparrow ili ndi khosi loyera ndi kadontho kachikasu pakati pa diso ndi mlomo. Mukakayikira, ijambuleni pafoni n'kuimasula.

Kabokosi nakonso kamaulula mwini wake. Mpheta za konkunozi zimamanga m'zitsamba kapena pansi, sizilowa m'bokosi. Chisa cha house sparrow ndi chipwirikiti cha udzu, nthenga ndi tizidutswa ta pulasitiki, nthawi zambiri chodzaza mpaka kudenga, mazira oyera a mathothomathotho. Cha bluebird ndi kambale kaudongo ka udzu wosalala.

Msampha wa m'bokosi, monga wa Van Ert, umatsekera chilichonse chimene chalowa, kaya ndi timbalame tating'ono ta chickadee ndi wren kapena bluebird yemweyo. Musautchere n'kupita kuntchito. Uyenderenitu pa mphindi 30 zilizonse, chifukwa kunja kukatentha mbalame yotsekeredwa siichedwa kufa. Potsegula, phimbani bokosi lonse ndi thumba la neti lochapiramo zovala, mumange kukamwa kwake pamtengo, kuti mbalame igwere m'thumba muione bwino. Msampha wa pansi uikeni pamthunzi, muike madzi m'kati. Nyambo ya millet ndi misere ya chimanga imakokanso junco ndi song sparrow, ndiye buledi woyera ndiye wabwinoko.

Ulimbo, kapena timatabwa tomata ta mbewa, ayi ndithu. Susankha mbalame, ndipo yosalakwayo mukaimatula nthenga zimakhala zitatheratu.

Ngati mtima sukulolani kupha, musavutike kukaitaya kutali, mungosamutsira vutolo kwa ena. Chotsani chisa chake nthawi zonse ikamanga, kapena chepetsani bowo lolowera m'bokosi lifike mainchi 1⅛. Pamenepo house sparrow silowa, koma dziwani kuti bluebird nayenso sakwana, bokosilo likhala la chickadee ndi wren.