Musathamangire kutaya ma tepi ndi ma DVD anu

Achimwene musataye kaye ma tepi ndi ma DVD anuwo chifukwa choti mukufuna Blu-ray, ine nkhani imeneyi ndikaikumbukira mtima umachita kuwira mpaka pano. Mu 2008 mkulu wina wogulitsa zamagetsi anandinyengerera kugula pleya ya HD DVD, mtundu wina wa zimbale womwe unkapikisana ndi Blu-ray, ati iyi ndiye yamakono bwana, imawerenga chimbale chilichonse cha HD, mpaka anatenga deki yanga ya VHS ati andichotsereko mtengo. Bodza lokhalokha. Kampani ya mafilimu ya Warner Bros. inali itathawira kale ku Blu-ray mu January, Toshiba eni ake a HD DVD atalengeza mu February kuti basi asiya kupanga, ndiye iyeyo ankangofuna katundu wakufayo achoke pa shelefu, ndipo ankadziwa bwinobwino ameneyo.

Ndiye ndaitana alamu anga ndi ana, mnzanga wandibwereka filimu ya Blu-ray, ndaika chimbale thireyi yalowa, makina kulira kaye ngrrr ngrrr kenako zii, akana. Ndatulutsa ndapukuta ndi malaya, ndauzira mpweya, ndazimitsa ndayatsanso, ayi ndithu. Alamu ali mwina mwaika chozondoka, ine thukuta kamukamu. Madam ndiye anati bwanji tingoonera tepi ya ukwati wathu alendo asangokhala, onse kuyang'ana pomwe pamakhala deki paja pali fumbi lokha. Palibe anaseka koma bola akanaseka.

Nditabwerera kwa mkulu uja, popanda ndi manyazi omwe akundionetsa makesi, ati ofiirawa ndi a HD DVD abuluuwa ndi a Blu-ray, simunaone nokha? Nanga pondigulitsa pakamwa panali potseka? Deki yanga ati inapita kalekale. Anthu ena Mulungu aziwaona.

Komabe Blu-ray yo gulani, sindikunamizeni chithunzi chake ndi china, chimbale chimodzi chimanyamula 25GB pomwe DVD wamba ndi 4.7GB, ndiye chithunzi cha HD chomwe amati 1080p chimatuluka mbee mpaka kuona ulusi wa jekete la munthu. Pleya yake imawerenganso ma DVD akale, koma ya DVD singawerenge Blu-ray olo mutapemphera. Kungoti TV ikhale ya HD ndipo mulumikize ndi chingwe cha HDMI, mukagwiritsa ntchito zingwe zija yachikasu yofiira ndi yoyera mwangotaya ndalama. Muonenso region, kutanthauza chigawo cha dziko lapansi, zimbale zina anazitsekera ku chigawo A, B kapena C, ndipo zikasiyana ndi pleya yanu muona zomwe ndinaona ine. Olo PlayStation 3 yakale imawerenga Blu-ray bwinobwino.

Deki ngati ikugwira musapatse munthu, kampani ya Funai yomwe inatsala yokha kupanga madeki inasiya mu 2016. Ma tepi a maukwati ndi a ana muwasamutsire pa kompyuta asanachite nkhungu. Ndipo pogula tengani chimbale chanu akachiike mukuona, akakana tulukani.