Kaizer Chiefs sinalowe pansi chifukwa cha osewera akunja

Achimwene, mwafunsa ngati nzoona zimene munamva pamalo oonerera mpira ku Rosettenville, zoti Kaizer Chiefs inalowa pansi chifukwa chogula osewera ochokera kunja, komanso ngati mawu otere tingawatchule kuti ndi tsankho lofanana ndi lomwe timaliona m'mabwalo a ku Ulaya. Ine ndakhala ndikuchemerera timuyi kuyambira ndili kumudzi, ndipo nditafika kuno ku Johannesburg chinthu choyamba chomwe ndinagula ndi malipiro anga chinali jezi yachikasu, choncho nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Zomwe munamvazo si zoona, ndipo amene amazinena aiwala mbiri ya timu yawo yomwe.

Pamene Chiefs inatenga ligi kawiri motsatizana, mu 2004 ndi 2005, pansi pa mphunzitsi Ted Dumitru, kaputeni wake anali m'bale wathu Patrick Mabedi, ndipo kutsogolo kunali Collins Mbesuma wa ku Zambia yemwe anamwetsa zigoli 25 mu ligi m'chaka chimodzi. Pakati pa bwalo panali Tinashe Nengomasha wa ku Zimbabwe, ndipo pambuyo pake kunabwera Knowledge Musona ndi Willard Katsande, a ku Zimbabwe komweko. Ngakhale dzina lenileni la timuyi linachokera kunja, chifukwa a Kaizer Motaung anaiyambitsa mu 1970 atabwerako ku America komwe ankasewera mu Atlanta Chiefs. Nthawi yonseyi palibe ankadandaula kuti alendo akuononga timu, chifukwa zikho zinkabwera.

Vuto linayamba timuyi itatenga ligi komaliza mu 2015 ndi Stuart Baxter. Kuchokera pamenepo aphunzitsi akhala akusinthidwa ngati malaya. Kunabwera Steve Komphela, kenako Giovanni Solinas amene sanathe ngakhale chaka, Ernst Middendorp, Gavin Hunt, Baxter yemwe uja kachiwiri, Arthur Zwane, Molefi Ntseki, Cavin Johnson, mpaka Nasreddine Nabi. Mphunzitsi aliyense amafika ndi kaseweredwe kake nkupeza osewera omwe anagulidwa kuti agwirizane ndi maganizo a mnzake amene wachotsedwa, ndipo asanamalize kuumba timu yake naye amauzidwa kuti alongedze. Munda womwe chaka chilichonse ukulimidwa ndi munthu wina, aliyense nkumagalauza mizere ya mnzake, sungakupatseni chimanga chodzaza nkhokwe. Taonani a Mamelodi Sundowns, omwe anamusunga mphunzitsi Pitso Mosimane kuyambira 2012 mpaka 2020 ngakhale kuti poyamba ochemerera ena ankafuna kuti achoke. Iwo anatenga chikho cha CAF Champions League mu 2016, ndipo anatenga ligi kasanu ndi katatu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2025. Ndalama za banja la a Motsepe, eni timuyo, zinathandiza, sindikukana, koma ndalamazo zinkagula osewera oti alowe m'dongosolo lomwe linalipo kale.

Umboni womwe umandikhutiritsa kwambiri ndi wa Khama Billiat ndi Leonardo Castro. Awiriwa, wina wa ku Zimbabwe wina wa ku Colombia, ankaopsa ku Sundowns pamodzi ndi Keagan Dolly, ndipo onse awiri anasamukira ku Chiefs mu 2018. Miyendo inali yomweyo, ziphaso zoyendera zinali zomwezo, koma ku Naturena, komwe kuli likulu la Chiefs, sananyamule ligi ngakhale kamodzi. Ngati mlendo ndiye amagwetsa timu, bwanji Sundowns inapitirira kupambana ili ndi Denis Onyango wa ku Uganda, Peter Shalulile wa ku Namibia, Gaston Sirino wa ku Uruguay ndi Marcelo Allende wa ku Chile? Ndiponso malamulo a ligi ya kuno amaika malire pa chiwerengero cha osewera akunja omwe timu ingalembetse, choncho ambiri mwa amene amalowa m'bwalo tsiku lililonse ndi eni dziko.

Pali nkhani imodzi yomwe anthu amakonda kuitchula pofuna kuloza chala alendo, ya Dax, mnyamata wa ku Madagascar amene Chiefs inamutenga mu 2018. Nzoona kuti chifukwa cha iye bungwe la FIFA linaletsa timuyi kulembetsa osewera atsopano kwa nyengo ziwiri zogulira osewera mu 2020. Koma mlanduwo unali wa mmene anatengedwera ku timu yake ya Fosa Juniors, yomwe inkanena kuti mgwirizano wake unali usanathe, ndipo amene amayenera kufufuza mapepala asanasainitse munthu ndi akuluakulu a muofesi. Chilangocho chinayamba kugwira ntchito pa nthawi yoipa kwambiri, timu itangophonya ligi pa tsiku lomaliza pofanana mphamvu 1-1 ndi Baroka, itakhala pamwamba pafupifupi chaka chonse. Tsikulo sindidzaliiwala. Kunali mliri wa Covid, m'bwalo munalibe anthu, ndipo ife tinali anthu asanu ndi mmodzi m'kachipinda kamodzi titazungulira kanema. Baroka itabweza chigoli palibe anayankhula, nsima yomwe mlamu wanga anaphika inazizira m'mbale. Chaka chotsatira anyamata omwewo, popanda wogulidwa watsopano, anafika mu ndime yotsiriza ya Champions League ndipo anagonja 3-0 kwa Al Ahly, zomwe zikusonyeza kuti luso linalipo ndithu. Chikho cha Nedbank cha 2025, chomwe anatenga pogonjetsa Orlando Pirates 2-1 ku Durban, chinathetsa chilala cha zaka khumi, koma mu ligi chaka chomwecho timu inathera kunja kwa matimu asanu ndi atatu apamwamba.

Tithokozebe kuti timuyi ilipo. Bidvest Wits, yomwe inatenga ligi mu 2017 Gabadinho Mhango ali momwemo, inagulitsidwa mu 2020 itatsala pang'ono kukwanitsa zaka 100, ndipo Bloemfontein Celtic, komwe a John Maduka anasewera ndi kuphunzitsa, inagulitsidwa mu 2021. Matimu amenewa anawathetsa ndi eni ake pa tebulo.

Tsopano za tsankho. Vinícius Júnior atanyozedwa ndi kulira kwa anyani pa bwalo la Mestalla ku Valencia mu 2023, tonse tinakwiya, ndipo tinakondwa pamene khoti la ku Spain linagamula mu 2024 kuti anthu atatu akakhale kundende miyezi isanu ndi itatu. Tinakwiyanso mu 2021 pamene Marcus Rashford, Jadon Sancho ndi Bukayo Saka anatukwanidwa pa intaneti ataphonya mapenate mu ndime yotsiriza ya chikho cha Ulaya. Anyamata amenewa anali a England pamene ankamwetsa zigoli, koma ataphonya anakumbutsidwa khungu lawo. Zomwe munamva ku Rosettenville zimayenda chimodzimodzi, chifukwa mlendo amakhala m'bale pa tsiku lachipambano ndipo amasanduka kwerekwere timu ikagonja. Ena adzanena kuti si tsankho popeza onse ndi akuda, koma kwa munthu amene akunyozedwayo ululu wake ndi umodzi, ndipo kuno taona komwe mawu otere amakathera. Mu 2008 zipolowe zomwe zinayambira ku Alexandra zinapha anthu oposa 60, ndipo mu 2019 dziko la Zambia linakana kusewera ndi Bafana Bafana ku Lusaka chifukwa cha nkhanza zomwe alendo ankachitiridwa kuno. Zimandipweteka kwambiri chifukwa dziko lino linachotsedwa mu FIFA mu 1976 kaamba ka tsankho la azungu, ndipo maiko a mu Africa ndiwo anamenyera nkhondo kuti zitero, mpaka linabwerera mu 1992.

Tsiku lina ndinapita kukaonera masewero ndi mwana wanga wa zaka zisanu ndi zinayi. Wosewera wina wakunja ataphonya chigoli, bambo amene anakhala kumbuyo kwathu anakuwa kuti makwerekwere abwerere kwawo. Mwanayo, amene anali akundifunsa mafunso m'Chichewa kuyambira tili mu takisi, anasintha nthawi yomweyo nkuyamba kundiyankhula m'Chizulu, ndipo mpaka masewero kutha sanabwererenso ku chinenero chathu. Tonse atatu tinali titavala jezi yofanana. Ndiyenera kunenanso kuti mayi wina, mwini dziko, anatembenuka nkumudzudzula bamboyo pamaso pa anthu, ndipo ambiri amene ndimakhala nawo m'mabwalo ndi ofanana ndi mayiyo.

Nafenso Amalawi tisadziyeretse. Timanyadira kuti Mhango anamwetsa zigoli 16 ku Pirates mu 2020 nkugawana mphoto ndi Shalulile, timanyadiranso zikho zomwe Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe anabweretsa ku Bullets, koma mawu omwe timawanenera anthu a ku Burundi ndi ku Rwanda ochita malonda ku Lilongwe sasiyana ndi amene amatipweteka kuno.

Choncho achimwene, mukadzakumananso ndi anthu aja, musakangane nawo mwaukali, pakuti malo omwera si abwino kukweza mawu ndipo ife ndife alendo. Ngati aoneka kuti ndi omva, afunseni kuti kaputeni wa Chiefs mu 2005 anali ndani, kenako muwapemphe awerenge aphunzitsi omwe adutsa ku Naturena kuyambira 2015. Ine pa masewero akubwerawa a Chiefs ndi Pirates ndidzapita ku bwalo la FNB ndi mwana uja, ndipo ndamuuza kale kuti tidzachemerera m'Chichewa.