Musanayambe kulangiza mafakitale, kagwireniko ntchito kaye

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa ku Area 25 amene anamaliza digiri ya za bizinesi zaka ziwiri zapitazo ndipo akadali pakhomo. Akufuna kukhala consultant wolangiza mafakitale momwe angachepetsere zowonongeka komanso momwe angagulire zipangizo mwanzeru. Kampani ina ku Kanengo inamuitana kukalemba katundu wolowa ndi wotuluka mosungiramo zipangizo, koma bambo ake anakana, akuti mwana wa digiri sangavale ovolosi. Iwo akufuna kugulitsa puloti kuti mwanayo achite MBA, digiri yachiwiri ya za kayendetsedwe ka bizinesi. Funso lake ndi loti ayambe MBA kapena alembetse kampani yakeyake ya uphungu.

Makalata otere amabwera kawirikawiri, ndipo yankho langa silisintha. Achimwene, zonse ziwirizo zisiyeni kaye. Palibe mwini fakitale amene angatulutse ndalama kulipira munthu woti sanaonepo makina ataima pakati pa shifiti. Mukalembetsa kampani lero mudzakhala ndi satifiketi ndi chidindo, kasitomala ayi.

Ambiri mumaganiza kuti ntchitoyi ndi suti, laputopu ndi misonkhano ya ku hotela. Gawo lalikulu limachitikira pansi, paphokoso la makina. Mumaima ndi wotchi n'kuwerenga mphindi zimene zimatayika posintha makina kuchoka pa botolo laling'ono kupita pa lalikulu. Mumafufuza chifukwa chake matumba amang'ambika kwambiri pa shifiti ya usiku. Mumayeza mtunda umene wantchito amayenda kukatenga sipanala imene ikanayenera kukhala pafupi ndi dzanja lake. Taiichi Ohno, amene anakhazikitsa kagwiridwe ka ntchito ka Toyota komwe mabuku anu amatamanda, ankajambula bwalo pansi n'kuimikamo ophunzira ake kwa maola ambiri kuti angoyang'ana mpaka aone pamene nthawi ndi zipangizo zikuthera. Njira ija ya kaizen, yokonza zinthu pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, inabadwira pamalo otere.

Koma kumene ndikufuna muikeko mtima kwambiri ndi kogula zipangizo, chifukwa kuno kwathu ndi kumene fakitale imapulumukira kapena kufera. Buku limati musasunge katundu wambiri, muziitanitsa nthawi imene mukumufuna. Yesani zimenezo ku Malawi muone. Tilibe doko, katundu wathu amadzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo asananyamuke n'komwe mumakhala mukudikira ndalama zakunja ku banki. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali ndi ngongole ya madola kwa ogulitsa akunja anadzuka ngongoleyo itafufuma. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, mafakitale n'kuyamba kudalira majenereta a dizilo kwa miyezi yambiri. Tsono munthu wogula zipangizo amayenera kusankha: aitanitse mafuta ophikira osayenga kunja, kapena agule soya ndi mpendadzuwa kwa alimi a ku Mchinji ndi Kasungu nthawi yokolola? Akagula wa chaka chonse, ndalama aitenga kuti, amusunga pati, nanga chinyezi ndi anankafumbwe? Adalire wogulitsa mmodzi wotchipa kapena awiri odulirapo kuti wina akalephera makina asaime? Mayankho a mafunso amenewa ndi amene eni mafakitale amalipira, ndipo kalaliki wolemba katundu amawaona tsiku lililonse pamaso pake.

Tsopano inu bambo. Ntchito imene munakaniza mwana wanu ndi sukulu imene akanaphunzira uku akulandira malipiro. Mwamusunga pakhomo zaka ziwiri chifukwa choopa kuti anzanu a kumpingo amuona atavala ovolosi, ndipo lero mukufuna kutaya malo a banja pa digiri yachiwiri yoti alibe choikamo. MBA imathandiza munthu amene wagwirapo ntchito, amene akamva phunziro amakumbukira vuto lenileni limene anakumana nalo. Pulotiyo isungeni. Zimandipweteka kuona makolo akugula ulemu wa pamaso pa anthu ndi zaka za ana awo.

Nanunso achimwene simungathawe mlandu. Zaka ziwiri n'zambiri. Mukanakhala mutayamba mayeso a CIPS, a bungwe la ku Britain loona za kagulidwe ka katundu, bwenzi pano muli patali, ndipo mukanafunsa kale ku Malawi Institute of Procurement and Supply za kulembetsa umembala. Excel yokha, pulogalamu ya pakompyuta yowerengetsera zinthu, muli nayo m'manja moti mungatenge zolemba za chaka chonse n'kuonetsa katundu amene akungogona?

Kwa amene mukadali pa MSCE ndipo mumalota ntchito yomweyi, limbikirani masamu ndi sayansi, ndipo posankha maphunziro onani uinjiniya wa za mafakitale ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo.

Chimodzi ndikuyamikireni: mwaona ntchito imene dziko lino likuisowadi, pomwe anzanu ambiri akungodikira za m'boma. Mukhoza kufikako, koma werengerani zaka 5 kapena kuposerapo muli mkati mwa fakitale, kuchoka kosungira katundu kupita kogula zipangizo kapena kokonza ndondomeko ya zopanga. Lolemba likubwerali kwerani minibasi ya ku Kanengo mukafunse ngati malo aja akadalipo. Akakhala kuti anatengedwa, siyani makalata ku makampani a mafuta ophikira, a chakudya cha nkhuku ndi a fodya omwe ali komweko. Mukalowa, gulani kope muzilembamo vuto lililonse limene mwaona, chimene munasintha ndi ndalama zimene zinapulumuka, chifukwa kasitomala wanu woyamba adzafunsa zimenezo.