Tsamba loyamba lomwe likadali loyera

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare, andilembera imelo yonena kuti chaka chatha anagula buku lokongola lojambulamo, koma mpaka lero sanalembemo ngakhale kamzere, chifukwa akuopa kuliwononga. Akufunsa kuti mantha amenewa angawathetse bwanji.

Amayi, mantha anuwo ndimawadziwa bwino, ndipo ndikuona kuti mbali ina akuchokera ku bukulo. Chinthu chodula timachisunga ngati mbale za alendo, zimene zimatha chaka zili m'kabati. Bukulo liikeni kaye pambali, mugule kope wamba la ana asukulu ndi bolopeni. Ndatchula bolopeni mwadala, chifukwa pensulo imayenda ndi chofufutira, ndipo munthu wamantha amatha ola lathunthu akufufuta mzere umodzi womwewo.

Mwina mumadziyerekeza ndi zimene munaona ku National Gallery of Zimbabwe, nyumba yoonetseramo zojambulajambula ku Harare, yomwe inatsegulidwa mu 1957. Zopachikidwa pakhoma paja ndi ntchito zomalizidwa, koma masamba ambirimbiri amene eni ake anayesererapo sakhala poonekera, ndipo kope lanu ndi la gulu limenelo. Kumbukiraninso Tengenenge, pafupi ndi tauni ya Guruve, kumene mlimi wa fodya Tom Blomefield anayambitsa ntchito yosema miyala mu 1966. Ambiri mwa oyamba kusema kumeneko anali antchito a m'minda ya fodya, ena ochokera kwathu ku Malawi, amene sanalowepo m'kalasi yophunzira luso. Manja awo anaphunzira pogwira mwalawo tsiku ndi tsiku.

Ine ndimajambula mphindi khumi m'mawa uliwonse ndikamadikira kuti kombi (minibasi) idzaze. Poyamba anthu amene ndinkawajambula ankaoneka ngati zitsa, ndipo ndinkabisa kopelo wina akasuzumira. Chimwemwe chinandipeza tsiku lina ku Mbare Musika, msika waukulu wa ku Harare, pamene ndinkajambula mayi wosenza dengu la tomato, n'kuona koyamba mmene khosi lake linaimira chilili pomwe chiuno chinkapendekera uku ndi uku. Ndinakulira pakati pa amayi osenza katundu, koma zimenezi ndinali ndisanazionepo. Chithunzicho sichinatuluke bwino, komabe ndinabwerera kunyumba mtima uli mbee.

Tsamba loyamba lilumpheni, muyambire lachitatu, ndipo pakona muzilemba tsiku. Musang'ambe tsamba lililonse, ngakhale lokuchititsani manyazi, chifukwa pakatha miyezi itatu ndi lomwelo lidzakuonetseni pamene mwachokera. Mawa m'mawa jambulani ketulo ili pamoto, madzi asanawire, ndipo mudzandilemberenso kopelo likafika pakati.