Makhadi 6 ochokera ku Johannesburg, banki mkhonde ya madamu ndi mita ya a landilodi

Funso la sabata ino lachokera kwa mnyamata wa ku Area 25 amene amakonza makompyuta ndi mafoni mtauni muno. Akuti: "Msuweni wanga ali ku Johannesburg akugulitsa makhadi 6 a RTX 3060 Ti amene ankakumbira crypto, wati andipatsa pamtengo wachibale. Awiri wanditumizira kale pa basi kuti ndiyesere, anayi otsalawo ndikufuna madamu anditengere ndalama ku banki mkhonde. Ndithandizeni kapangidwe ka overclock kuti azithamanga kwambiri ngongole ndibweze msanga. Kungoti mita ya magetsi timagawana ndi a landilodi."

Achimwene, za overclock ndikuuzani zonse musadandaule, koma chiganizo chanu chomalizacho, chimene mwachiika kumapeto ngati chosafunikira, ndi pamene pagona bizinesi yonseyi. Kukumba crypto, ndalama za pa intaneti, ndi geni yogula magetsi n'kuwasandutsa ndalama basi. Makhadi a kompyutawa (ma graphics card) ndi chigayo chabe, chimanga chake ndi mayunitsi.

Choyamba mudzifunse kuti msuweni akugulitsiranji. Sindikunena kuti akukuberani ayi, mwina ndi munthu wabwinobwino. Koma makhadi amenewa anali golide nthawi imene Ethereum inkakumbidwa ndi makhadi a kompyuta, 2021 anthu ankachita kulimbirana mpaka Nvidia, kampani yopanga makhadiwa, inayamba kutulutsa makhadi ofooketsedwa dala otchedwa LHR kuti osewera magemu nawo apezeko. Kenako pa 15 September 2022 Ethereum inasiya njira yokumba n'kusamukira ku proof of stake, njira yosafuna makhadi, tsiku limodzi lomwelo makhadi mamiliyoni padziko lonse anasowa ntchito ndipo onse anathamangira ku tindalama tating'ono monga Ravencoin, Ergo ndi Ethereum Classic. Nsima inachepa, odya anachuluka. Bitcoin yokha musailote n'komwe, ija imakumbidwa ndi makina opangidwira ntchito imeneyo yokha otchedwa ASIC, monga Antminer a kampani ya Bitmain, khadi yanu pamenepo ili ngati kulowa mu estate ya fodya ndi kakhasu ka m'dimba. Ngakhale Ethereum Classic nayo ma ASIC analowamo.

Ndiye tibwere ku funso lanu. Liwu loti overclock limasocheretsa anthu chifukwa amaganiza kuti n'kukweza chilichonse mpaka kumapeto ngati voliyumu ya pa ukwati. Kwa wokumba, ntchito yaikulu ndi kutsitsa. RTX 3060 Ti ikachoka ku fakitale imaloledwa kudya mpaka mawati 200, koma pa ndalama zodalira memory ngati Ethereum Classic imapereka pafupifupi 60 MH/s (muyeso wa hashrate, liwiro la kukumba) ikudya mawati 120 kapena 130 okha. Kuisiya pa 200 sikuonjezera chilichonse chooneka, mukungotenthetsa chipinda ndi ndalama zanu.

Pa Windows tsitsani MSI Afterburner, ndi yaulere, koma itengeni pa webusayiti ya MSI yeniyeni chifukwa pali zabodza zambiri zokhala ndi mavairasi amene amakumbira munthu wina pa magetsi anu. Muli timabatani titatu tofunika. Power limit itsitseni kufika cha m'ma 65 peresenti. Core clock, liwiro la core imene ndi ubongo wa khadi, itsitseni pang'onopang'ono mukuyang'ana hashrate, bola ngati sikugwa pitirizani kutsitsa, ikayamba kugwa bwererani sitepe imodzi m'mbuyo. Memory clock ndi yokhayo yokweza, ndipo muzikweza 100 nthawi imodzi, kudikira mphindi 20 kapena 30, kenako 100 ina, osati kungokopera nambala ya munthu wa pa YouTube amene ali ku dziko lozizira ndi khadi yatsopano. Makhadi awiri a dzina limodzi amatha kukhala ndi memory ya makampani osiyana, ina ya Samsung ina ya Hynix, ndipo sizipirira mofanana, pulogalamu ya GPU-Z imakuuzani kuti yanu ndi iti. Mukadzasamukira ku HiveOS, pulogalamu ya okumba yolowa m'malo mwa Windows, dziwani kuti nambala za memory kumeneko zimalembedwa kuwirikiza kawiri za pa Windows, anthu ambiri amasokonezeka pamenepo.

Mudziwa bwanji kuti mwapyola? Sikirini ikhoza kukuonetsani hashrate yokongola koma pansi pake pali mzere wa ma share okanidwa, olembedwa rejected kapena invalid, imeneyo ndi ntchito imene khadi yagwira koma pool, gulu la pa intaneti limene mukukumba nalo n'kumagawana phindu, yakana kulipira. Nthawi zina hashrate imayamba kutsika pamene inu mukukweza, chifukwa memory ikulakwitsa n'kumabwereza ntchito. Kapena kompyuta imangozima 2 koloko usiku inu muli mtulo, mudzazindikira m'mawa kuti yagona nanu limodzi. Nambala yoti muzikhulupirira ndi ya pa pool pakatha maola 24, osati ya pa sikirini yanu. Ndipo nambala yoti muziithamangitsa si MH/s ayi, ndi MH/s pa wati iliyonse. Khadi yopereka 58 pa mawati 115 ikuposa yopereka 61 pa mawati 150, ngakhale yachiwiriyo ndi imene imasangalatsa kuonetsa anzanu.

Ravencoin ndi nkhani ina, njira yake ya KawPow imagwiritsa ntchito core kwambiri ndiye imadya magetsi ambiri ndipo imatentha, zimene mwatchuna pa ndalama ina sizigwira pamenepo, muyambirenso.

Kutentha kwa Lilongwe mu Okutobala mukukudziwa, makamaka nyumba ya malata yopanda siling'i. Core muziyesetsa isapitirire madigiri 70, ndipo makhadi akuti akhala akukumba usana ndi usiku kwa zaka amafunika kuwatsegula, kusintha thermal paste ndi ma pad a pa memory, kumvetsera mafani ngati sakulira ngati njinga yopanda girizi. Inu ndinu wokonza makompyuta izi sizikuvutani. Fumbi la chilimwe limatseka makhadi m'masabata ochepa, blowa ikhale pafupi. Dzinja likabwera mdani amasanduka mphenzi ndi magetsi obwera mwamphamvu akathima, ndiye surge protector yabwino si yokambirana.

Chimodzi chokha ndikuchondererani, ma riser, tizipangizo tolumikizira makhadi ku motherboard, musawapatse moto kudzera pa waya wa SATA. Pulagi ya SATA inapangidwira mawati 54, pamene khadi imatha kukoka mpaka 75 kudzera pa riser. Mu 2021 mnyamata wina wa ku Kawale anandiitana kuti ndikamuthandize kuwerengera phindu, titangolowa m'chipindamo ndinamva kafungo ngati wina wawotcha jumbo, tinapeza kapulagi kakuda kasungunuka kamamatira pa thabwa la shelefu, ndipo mamita awiri kuchokera pamenepo panali matilesi amene ankagonapo mng'ono wake. Masamu tinasiya tinayamba kuzula mawaya. Gwiritsani mawaya a 6-pin ochokera ku power supply yodziwika dzina, ndipo isamanyamule kupitirira 80 peresenti ya mphamvu yake.

Tsopano tengani kope tiwerengere. Makhadi 6 otchunidwa bwino pa mawati 130 ndi 780, kuphatikiza motherboard, mafani ndi zotayika mu power supply tinene 900. Pa maola 24 ndi mayunitsi 21.6, pamwezi 648. Osatchuna, makhadi ali pa 200, mukukamba za mayunitsi opitirira 900 pamwezi, ndiye mwaona kuti kutchuna kuli ndi phindu lake ndithu, kwapulumutsa mayunitsi pafupifupi 300. Koma 648 ija ikadalipo. Tengani risiti yanu yomaliza ya ESCOM, gawani ndalama munalipira ndi mayunitsi munalandira, mupeza mtengo weniweni wa yuniti imodzi msonkho uli momwemo. Tingoyerekeza kuti yatuluka K200, ndiye kuti rig, kompyuta yokumbirayo, ikudya K129,600 pamwezi isanakupatseni tambala. Ikani nambala yanu yeniyeni pamenepo. Kenako pitani pa webusayiti ya WhatToMine yowerengera phindu la kukumba, sankhani 3060 Ti, lembani 6, sinthani mtengo wa magetsi uli pamenepo muike wanu mu madola, muone chotsala. Chiyambire 2022 khadi ngati imeneyi imapanga masenti a dola patsiku, masiku ambiri magetsi amadya onse n'kufunanso ena.

Ndipo masamu amenewo akuganiza kuti magetsi ayaka maola 24 masiku 30. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, mukukumbukira namondwe Ana mu January 2022 ataononga Kapichira dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo tinakhala mumdima kupitirira chaka. Ola lililonse rig yazima ngongole ikuyendabe. Jenereta iwalani, petulo wake yuniti imodzi imakwera mtengo kangapo, osanena za mizere ya pa filing'i. Sola masana ingathandize, koma usiku wa maola 12 pa mawati 900 ndi mayunitsi pafupifupi 11, batire la 200Ah la 12V limasunga 2.4 ndipo la mtovu mumangogwiritsa theka kuti lisafe msanga, ndiye mabatire 9. Mpamba umenewo mukanakhala nawo simukanapita ku banki mkhonde.

Anthu amandiuza kuti koma ku Mulanje akukumba Bitcoin. Zoona, ku Bondo kuli kampani ya Gridless imene inaika makina pa magetsi a madzi a m'mudzimo, koma taonani kusiyana kwake: akugwiritsa ASIC, ndipo akudya magetsi otsala amene akanangotayika anthu akagona. Inu mukugula yuniti pamtengo wa nyumba n'kumapikisana ndi anthu otero padziko lonse.

Nanga a landilodi? Nyumba imene inkadya mayunitsi ochepa pamwezi ikayamba kumeza 600, mita ikulira tsiku lachitatu lililonse, mukuganiza sazindikira? Mudzapezeka mukusaka nyumba ina ndi makhadi anu m'chikatoni. Ngati mupitirize ndiye mukhale nawo pansi, mugule kamita kanu ka pa soketi koonetsa mawati, muzilipira gawo lanu poyera. Ndipo wina akadzakunong'onezani zoti akhoza "kukonza" mita, ameneyo akukutengerani ku polisi, kuba magetsi ndi mlandu.

Pali mfundo imodzi imene ndikugwirizana nanu, ndipo ndikudziwa kuti ndi imene ikukukokani ngakhale simunalembe. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, madola m'mabanki ndi osowa, ndiye chilichonse cholipira mogwirizana ndi dola chimaoneka chokoma. Ndikumvetsa. Koma Reserve Bank of Malawi inanena kale kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, kutanthauza kuti posintha mudzadalira munthu wa pa intaneti amene simukumudziwa kuti akutumizireni pa Airtel Money kapena Mpamba, akakuthawani palibe ofesi yokadandaula. Tindalama ta makhadi iti timafunikanso kutisintha kaye kukhala USDT (crypto yoyendera mtengo wa dola) kapena Bitcoin, paliponse akudulani kenakake, ndipo pool simakulipirani mpaka mutafika mlingo wake, ndi makhadi ochepa mutha kudikira masabata. Pamene banki mkhonde chiwongola dzanja chake ndi cha pamwezi osati pachaka, funsani madamu, ndipo tsiku logawana likafika amayi aja sadzamva zoti Ravencoin yatsika, adzabwera kudzanyamula firiji, manyazi adzagwera mkazi wanu pakati pa anzake a kutchalitchi.

Ndiye ine ndikanakhala inu anayi aja sindikanatenga, ngongole ayi. Awiri muli nawowa ayeseni masiku 7 ndi kamita ka pa soketi, lembani mayunitsi, lembani maola amene magetsi anathima, lembani zimene pool yakupatsani, mudzakhala mwaphunzira kutchuna ndi ndalama yochepa. Zikatuluka mmene ndikuganizira, makhadiwo sanafe ntchito. RTX 3060 Ti ndi khadi yabwino kwambiri pa magemu ndi pa kukonza mavidiyo, anyamata ojambula maukwati ndi zinkhoswe amavutika ndi malaputopu ochedwa, mutha kuwamangira kompyuta kapena kuwalipiritsa pa ntchito, kapena muike masikirini awiri pa shopu ana a sukulu azilipira pa gemu ya mpira. Pamenepo khadi ikuyaka maola ochepa ndipo kasitomala akulipira makwacha m'manja tsiku lomwelo. Mukamagulitsa muuzeni wogula kuti inakumbapo, ndipo mubwezeretse zonse pa default mu Afterburner musanampatse.

Msuweni muuzeni adikire sabata imodzi, akakana ndiye kuti ali ndi wogula wina, amugulitse. Manambala a masiku 7 aja munditumizire tidzawerengere limodzi, ndipo a landilodi muwauze lero musanalumikize chilichonse.