Bukuli ndimupatse mwana wa achemwali anga?

FUNSO

Azakhali, ndawerenga buku la nthano lomwe ndinabwereka kwa mphunzitsi mnzanga. Likunena za mnyamata amene mayi ake anamusiya kwa agogo, n'kumuuza kuti abwera pakutha pa mwezi, osabweranso. Mwanayo akukula osayankhula ndi anthu, mnzake ndi galu basi. Chandiwawa n'chakuti buku likutha mayiyo asanabwere. Kodi wolembayu analibe chisoni?

Ndikufunsa chifukwa ndikulera mwana wa achemwali anga, wa zaka 14. Bambo ake anapita ku Joni, foni inasiya kulira kalekale. Achemwali anakwatiwanso ku Makanjira ndipo bambo atsopanowo safuna mwana wa mwini. Mnyamatayu akaweruka kusukulu amapita kudoko, n'kukhala pansi pa thandala la usipa mpaka mdima. Ndimupatse bukuli, kapena nditosa chilonda?

Mayi aang'ono, Monkey Bay

YANKHO

Mayi, wolembayo musamukwiyire. Akanabweretsa mayi uja pa tsamba lomaliza, atasenza shuga ndi sopo, inuyo mukanasangalala, koma mwana ngati wanuyo akanataya bukulo. Iye amadziwa kale kuti ena akapita amapitiratu. Chimene sanamvepo ndi munthu wamkulu akuvomereza zimenezo poyera. Aliyense amangomuuza kuti "abwera, usadandaule".

Choncho mupatseni, koma osati m'manja ngati mankhwala. Lisiyeni pa mkeka pamene amagona, munene kuti linakukhudzani, basi. Musamufunse madzulo aliwonse kuti wafika pati. Inu aphunzitsi muli ndi matenda ofuna mayankho pa chilichonse chimene mwana wawerenga! Akadzayamba kukamba za galu uja kapena kunyoza mnyamata wa m'nthanoyo kuti ndi wopusa, dziwani kuti akukamba za iye mwini. Mverani, osamuwongola.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine si buku ayi, ndi dokolo. Mnyamata wa msinkhu umenewo akamachezera pathandala, asodzi sachedwa kumuitana kuti athandize kukoka khoka kapena kukwera nawo bwato usiku. Akalawa ndalama yoyamba, sukulu imayamba kuzimiririka, ndipo maganizo otsatira bambo ku Joni amabwera okha. Mumufunse amene amacheza naye kumeneko, ndipo tsiku lina mupite naye limodzi, ngati mukukagula ndiwo.

Komanso musasenze nokha katundu wa anthu amoyo. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limati makolo ali ndi udindo wosamalira mwana wawo, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Kukwatiwanso sikuchotsa udindo umenewo. Itanani amalume ake a mwanayo ndi ankhoswe, achemwali anuwo abwere kuchokera ku Makanjira adzakhale pansi, mwana awaone ndi maso. Achibale a bambo ake nawonso auzidwe. Pali wina mwa iwo amene ali ndi nambala ya ku Joni. Zikakanika, pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma ku Mangochi, akuwongolerani mpaka kukhoti ngati pakufunika chithandizo cha mwezi ndi mwezi.

Mukaona kuti wasiya kudya, sakugona, kapena akunena zoti kuli bwino kufa, musadikire msonkhano wa abale. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, tsiku lomwelo.