Kodi madenga ndi zojambula za ku Chinatown ya San Francisco n'zachitchaina zenizeni?

Mayi wina watilembera imelo. Akuti akupita ku San Francisco, mzinda wa ku America umene uli ndi dera la Atchaina lotchedwa Chinatown, kukaona mwana wawo, ndipo akufunsa: "Madenga opindika aja ndimawaona pazithunzi za Chinatown, n'zachitchaina zenizeni kapena n'zokopera alendo? Nanga amaloleza kujambula pamakoma ndani?"

Mayi, madengawo anamangidwiradi alendo, koma musawapeputse. Chivomezi ndi moto wa mu 1906 zitasakaza mzindawo, akuluakulu ena ankafuna kusamutsira Atchaina kutali. Amalonda monga Look Tin Eli anamanganso mwachangu, n'kulemba ntchito azungu ojambula mapulani kuti nyumba zizikoka anthu odzaona malo. Mukaima pamphambano ya Grant Avenue ndi California Street mudzaona nyumba za Sing Chong ndi Sing Fat zitasenza timansanja ta pagoda. Ku China pagoda ndi nsanja yachipembedzo, siikhala pamwamba pa sitolo. Koma nthawi imeneyo lamulo la mu 1882 loletsa antchito achitchaina kulowa m'dzikomo linkagwirabe ntchito, ndipo nzeru imeneyi inathandiza kuti anthu asachotsedwe pamalo pawo.

Yambirani pa Dragon Gate, pomwe Grant Avenue ikumana ndi Bush Street. Chipatachi n'cha mu 1970, pulani yake analemba ndi Clayton Lee, ndipo matailosi ake obiriwira anachokera ku Taiwan. Mukakwera pang'ono, khoterani ku St. Mary's Square. Kumeneko kuli chiboliboli cha Sun Yat-sen, mtsogoleri woyamba wa China ufumu utatha, chimene Beniamino Bufano anapanga ndi mwala komanso chitsulo chosachita dzimbiri. Kulinso chikumbutso cha mu 2017 cha atsikana amene asilikali a Japan ankawagwiririra pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Chikumbutsochi chinachititsa kuti mzinda wa Osaka wa ku Japan uthetse ubale wake ndi San Francisco mu 2018.

Zionetsero zili m'nyumba, ndipo alendo ambiri amazidumpha. Nyumba yoonetsera mbiri ya Atchaina a ku America ya Chinese Historical Society of America, yomwe inayamba mu 1963, ili pa 965 Clay Street. Chinese Culture Center imaonetsa ntchito za amisiri amakono m'chipinda cham'mwamba mu hotela ya Hilton pa Kearny Street. Onani kaye masiku otsegula pa intaneti, chifukwa malo otere satsegula tsiku lililonse.

Tibwere kufunso lachiwiri. Khoma likakhala la munthu, chachikulu n'chilolezo cha mwini nyumba. Likakhala la mzinda, kapena ndalama zikachokera kumzinda, chojambulacho chimayamba chadutsa ku San Francisco Arts Commission, bungwe la mzindawo loona za zaluso. Kuyambira mu 1969 mzindawu uli ndi lamulo lopatula 2 peresenti ya ndalama zomangira nyumba zaboma kuti ipite ku zaluso. N'chifukwa chake siteshoni ya sitima ya Chinatown–Rose Pak, yomwe inatsegulidwa mu 2022, ili ndi zithunzi zazikulu zofiira za Yumei Hou. Iye ndi katswiri wocheka mapepala, luso lakale la ku China, ndipo amisiri anakulitsa ntchito yake n'kuicheka pachitsulo ndi makina a laser. Ife timaona kuti ntchito imeneyi ndiyo yoyenera kuiimira nthawi yaitali.

Chojambula chapakhoma chimafuna ntchito yambiri wojambula asanagwire burashi. Khoma amalitsuka, kumata ming'alu, kulisiya liume, kenako kuyala penti wapansi. Pamwamba pake amajambula ndi penti wa acrylic, n'kupaka vanishi woteteza kudzuwa, ndipo pomaliza amapaka mankhwala oti zolembalemba za anthu opopera penti zizitsukika. Mzindawu ndi wachifunga, choncho chinyezi chikatsekeredwa mkati mwa njerwa chimatulutsa mchere woyera umene umatukumula penti mpaka kusupuka. Mtundu wofiira, umene Atchaina amaukonda chifukwa umaimira mwayi, ndi umodzi mwa mitundu yosachedwa kufwifwa ngati penti wake ndi wotchipa, makamaka pakhoma loyang'ana kum'mwera kumene dzuwa limaomba kwambiri.

Vuto lina n'kusafunsa eni dera. Agogo ambiri a kumeneko amalankhula Chikantonizi ndi Chitaishani, zilankhulo za kum'mwera kwa China, ndipo zikwangwani zakale zimalembedwa m'zilembo zachikale, osati zopeputsidwa za ku Beijing. Wojambula akasankha zilembo mosafunsa, amalowa m'mkangano wandale wa China ndi Taiwan asakudziwa.

Kufufuta nakonso kuli ndi malamulo. Pansi pa Visual Artists Rights Act, lamulo la ku America la mu 1990 loteteza ojambula, ngati chojambula chodziwika chingathe kuchotsedwa osawonongeka, mwini nyumba ayenera kudziwitsa wojambula ndi kumupatsa masiku 90 oti achichotse. Ojambula ena amajambula pansalu yapadera n'kuimata kukhoma, kapena pamatabwa omangirira ndi mabawuti, ndipo matabwawo amamasulidwa mosavuta nyumba ikamakonzedwa.